Mulu wa Damiano wa Pamsewu

Ku Bembeke, kumunsi kwa mishoni, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Filomena. Mwamuna wake anamusiyira munda wa khofi, koma mitengo inali itatopa, masamba ali achikasu, zipatso zongowerengeka. Mlongo wake Damiano, yemwe anali mwinimbumba, anagamula kuti dzinja likubweralo likhale lomaliza. Khofiyo akapanda kusintha azulidwe, m'mundamo mulowe mbatatesi. Filomena zinamupweteka mtima kwambiri, poti mitengoyo malemu anaibzala ndi manja awo.

Mtengo umodzi wokha ndi umene unali wobiriwira, wa pafupi ndi nthochi pomwe Filomena ankataya makoko a khofi akatha kupuntha. Tsiku lina anafukula pamenepo kuti aone. Makoko onse anali atasanduka dothi lakuda bii, lofewa ngati gaga, abongololo ali nyakanyaka m'katimo. Mwachimwemwe anathamanga kukauza mlongo wake.

"Achimwene, abongololo timangowapondawa ndi antchito. Akudya makoko n'kumatisiyira manyowa."

Damiano atakadzionera yekha, maso anatuluka. Zaka zimenezo mlimi aliyense ankalota kutchedwa mchikumbe, dzina n'kumveka pa wailesi. Ndiye Damiano, mkulu uja kukonda maso a anthu! Akagula khasu latsopano ankadutsa nalo pamsika kawiri. Anasonkhanitsa makoko m'mudzi monse n'kuwaunjika pamtetete, m'mphepete mwa msewu wopita ku boma. Kenako anatola abongololo odzaza chidebe n'kuwakhuthulira pamwamba.

"Achimwene, tizilomboti sitifuna dzuwa," anatero Filomena. "Kaikeni pamthunzi, mufunditse masamba a nthochi, muwasiye agwire ntchito yawo."

"Chemwali, zobisabisa ndi za afiti," anayankha Damiano. "Ine ntchito yanga anthu aione."

Ndipo anthu anaionadi. Wapanjinga, wapansi, mayi wopita kuchigayo, aliyense Damiano ankamuimitsa n'kufukula mulu uja ndi khasu kuti amuonetse antchito ake. Abongololo ankangodzipinda mwamantha. Nanga ndani angadye mwamtendere denga likuphwasulidwa tsiku ndi tsiku? Mmodzimmodzi anayamba kusamuka kulowera kutchire. Dzuwa la Okutobala linaumitsa muluwo gwaa, ndipo mvula itabwera unasanduka phala lowawasa, ntchentche zili ng'waa.

Filomena sanalimbane naye. Anakumba dzenje losaya pansi pa nthochi, n'kumasakaniza makoko ndi masamba ouma ndi mapesi a nyemba. Ankafunditsa bwinobwino, kuwaza madzi pang'ono, basi n'kuchokapo. Manyowa akapsa ankatapa m'dengu n'kumathira mtengo ndi mtengo, palibe ngakhale mmodzi womuombera m'manja.

M'mwezi wa Malichi mlangizi wa zaulimi anafika ndi gulu la alimi, poti Damiano anali atamuitana kalekale kuti adzaone zodabwitsa. Asanafike n'komwe pamulu paja, alendo anali atagwira mphuno. Damiano anafukula uku, anafukula uko, thukuta lili kamukamu, koma bongololo ngakhale wakufa sanapezeke.

"Nanga munda wobiriwira kumunsi uko ndi wa yani?" anafunsa mlangizi.

Gulu lonse linatsetsereka kumusiya Damiano ali ndi khasu m'manja. Anapeza mitengo ya Filomena masamba akunyezimira, nthambi zitawerama ndi zipatso. Filomena anawatengera padzenje paja n'kukweza tsamba limodzi la nthochi pang'ono chabe, alendo anasuzumira n'kuona abongololo, iye n'kuvundikiranso msanga.

"Mayi, mitengo iyi wina asaikhudze," anatero mlangizi. "Alimi a ku Lobi ndidzabwera nawo kuti adzaphunzire pano."

Filomena analulutira, misozi ili mbwee, chifukwa khofi wa malemu anali atapulumuka. Alendo atapita, Damiano anatsika pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Chemwali, za mbatatesi zija tiiwale. Kodi mungandigawireko dengu limodzi la manyowa, ndi antchito anu owerengeka?"

"Tengani, achimwene," anatero Filomena akuseka, "koma mukawapatse nyumba, osati bwalo."

Kanyama kameneka timakaona kakunyezimira panjira, koma palibe anakaonapo kakudzikonza. Akuluakulu sananame: bongololo sadzolera mafuta pagulu.