Kumene Don Evaristo Amadyera Masana

M'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Mexico, Don Evaristo anali ndi hotela yaikulu, koma nsomba za kumeneko zinali zogonera mufiriji, zosakoma ngati ukutafuna thonje. Tsiku lina anaitana Chabela, mayi woyendetsa takisi amene ankadikirira alendo pageti pawo.

"Alendo anga akafunsa kodyera kwabwino, uziwabweza konkuno. Ndikangomva kuti wawatengera kwina, pageti pano usadzapondeponso."

"Ndamva, bwana," anatero Chabela.

Mawa lake masana alendo anayi a pahotelapo anakwera takisi yake, njala itawapota, n'kufunsa kodyera kwabwino.

"Kodyera kwabwino ndi kuhotela kwanu komwe," anawauza. "Koma tiyeni tikawapatse moni kaye eni ake, amakonda alendo."

Anawazungulitsa kuseri kwa msika mpaka pa kachisakasa ka Doña Remedios, pamene asodzi ankadyera nsomba zongovuulidwa kumene. Pakona, chipewa atachitsitsira kumaso, panali Don Evaristo akunyambita zala, tsabola ali kumilomo. Ankazembera pamenepo masana aliwonse, ndipo oyendetsa takisi onse ankadziwa.

"Bwana, alendo anu awa akufuna kukupatsani moni."

Alendo anayang'ana mbale ya Don Evaristo, kenako nkhope yawo.

"Takulandirani," anatero Don Evaristo atameza movutikira. "Kuno ndimabweretsako alendo olemekezeka okhaokha."

Chabela anakoka mpando n'kukhala.

"Zikomo, bwana. Ndiye mundiuziretu pamaso pawo pompano: mwa alendo anu, osalemekezeka ndi ati, kuti ndiziwasiya kuhotela?"

Don Evaristo anangoitanitsa mbale zina zisanu.