Makina Osatsegulapo

Ku Kawale kunali bambo wina, a Gwedeza, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole. Misewu ya ku Beira ndi ku Dar es Salaam ankaidziwa kuposa tinjira ta kumudzi kwawo. Atapuma pa ntchito anabwera kudzakhala pakhomo, ndipo anabwera ndi lamulo limodzi limene analitola pamsewu: chinthu chikangotsegulidwa ndi amisiri, chatha basi. Kaya ndi wailesi, kaya foni, kaya injini, funso lawo linali limodzimodzi: "Inatsegulidwapo?" Wogulitsa akangoti inde, a Gwedeza ankatembenuka osatsanzika n'komwe.

Musafulumire kuwaseka. Ambiri a ife timagula chomwecho, ndipo pa malole lamulolo linawapulumutsa kangapo.

Mkazi wawo, a Nachisale, ankadwala mphumu. Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu wadothi, ndipo fumbi la Lilongwe m'chilimwe mukulidziwa, silipempha kuti lilowe. Galimoto ikangodutsa, pakhonde ponse fumbi lili koboo. Chaka chimenecho matenda anakula, mayiwo mpaka anagonekedwa m'chipatala. Powatulutsa, dokotala ananena mosapita m'mbali kuti m'nyumba yafumbi asagonemonso, ndipo tsache asaliyandikire, chifukwa tsache limangodzutsa fumbi limene linagona kale. Choncho a Nachisale anapita kukakhala kwa mng'ono wawo ku Dedza, kumene mphepo yake ndi yoyera, kufikira nyumba itakonzeka.

A Gwedeza anatsala okha. Zaka zonse za ukwati wawo, wodikira anali mkazi, iwo ali pamsewu. Tsopano anayamba kulawa kudikira, ndipo kunawawawa. Anasungulumwa kwambiri. Koma chachikulu chinali mantha. Ankaopa kuti zaka zochepa zimene zinawatsalira zoti akhale pamodzi, wina adzazithera ku Dedza, wina ku Kawale.

Ndiye anagwira ntchito. Kapeti anaichotsa n'kuipereka kwa anthu. Pansi anakolopa chogwada, bambo wa imvi, amayi oyandikana nawo akusuzumira pampanda n'kumagwirana pakamwa. Simenti inawala. Koma akamenya mpando wa sofa ndi chikhatho, fumbi linkadzuka. Akamenya matiresi, chimodzimodzi. Makatani ndiye osanena. Apo m'pamene anaganiza zofuna makina oyamwa fumbi, aja amimba ngati kamgolo, oyenda pa timateyala, okhala ndi paipi yaitali. Sankafuna zoseweretsa ayi. Ankafuna makina olimba, oti akhale nawo mpaka Ambuye atawaitana.

Anayambira m'sitolo ya m'tauni. Kumeneko anawaonetsa makina atsopano, ofiira, onyezimira. A Gwedeza anawanyamula ndi chala chimodzi, n'kuwagogoda ndi chikhadabo. Pulasitiki yekhayekha. Anafunsa kuti thumba lake likang'ambika lina alipeza kuti, wogulitsa n'kungomwetulira. Anatuluka.

Kenako anapita ku Biwi kwa mmisiri wina wokonza zamagetsi. Mmisiriyo anatulutsa makina achitsulo, akale, otupa pang'ono m'nthiti, koma oyera bwino. Anali munthu woona mtima, moti anayamba ndi kufotokoza zonse.

"Amenewa ndinawatsegula ndekha, bambo. Ndinasintha malabala onse, sefa ndinaikamo yatsopano, ndiponso..."

Sanamalize. Pa mawu oti "ndinawatsegula" a Gwedeza anali atafika kale kumsewu.

Makina achitatu anawamva kwa mnzawo wa kutchalitchi. Kunali mkulu wina ku Mchesi amene kale ankaphika m'nyumba ya anthu akunja, ndipo pobwerera kwawo anthuwo anamusiyira makina awo. Mkuluyo anawasunga pansi pa bedi, atawakulunga m'chiguduli. Atawatulutsa, mtima wa a Gwedeza unadumpha. Chitsulo chenicheni, cholemera, cha nthawi imene anthu ankapanga zinthu ndi manyazi. Anagwada n'kuyang'ana zomangira zake chimodzichimodzi. Penti wa ku fakitale anali akadali pamitu yake, wosakandika.

"Chibwerereni m'dziko muno, sanatsegulidwepo," anatero mkuluyo. "Chimene timachotsa ndi thumba lokha, pokataya fumbi."

Anawayatsa. Kulira kwake kunali kwapansipansi, kosanjenjemera, ngati lole yabwino ikukwera chitunda. Mkulu uja anagwira dzanja la a Gwedeza n'kuika kamwa la paipi pachikhatho. Inakakamira gwa, moti kuichotsa kunafuna mphamvu. Umu ndi mmene tonse timayesera makina otere, pakamwa pake. A Gwedeza sanafunsenso china. Anawatenga.

Ndinene pano kuti mkulu wa ku Mchesi sananame. Zonse zimene ananena zinali zoona.

Kunyumba anatseka mawindo kuti fumbi la kumsewu lisalowe, n'kuyamba ntchito. Sofa, matiresi, makatani, m'makona, pamwamba pa kabati. Akachotsa thumba lansalu lija ankalipeza litadzaza, ndipo ankalinyamula monyadira kukataya kudzala. Anamenya sofa ndi chikhatho, osadzuka kanthu. Tsiku lomwelo anaimba foni ku Dedza.

"A Nachisale, bwerani. Nyumba yanu yayera."

Mayiwo anafika masana, atavala chitenje chatsopano. Anayang'ana simenti, anayang'ana makatani, n'kuyang'ananso mwamuna wawo ngati akumuona koyamba. A Gwedeza chimwemwe chinawapitirira. Anawakhazika pasofa n'kunena kuti aone okha mmene makinawo amagwirira ntchito. Anawayatsa, n'kuyamba kuyendetsa paipi patsogolo, kamgolo kakuwatsatira m'mbuyo, kakudutsa pafupi ndi mapazi a mayiwo.

A Nachisale anatsokomola.

Bambowo anaganiza kuti pali fumbi limene linatsalira, ndiye analimbikira. Mayiwo anatsokomolanso, iwo n'kuwonjezera changu, thukuta lili kamukamu, akulowetsa paipi pansi pa mipando. Phokoso la makina linabisa kamluzu kamene kanayamba kulira m'chifuwa cha mkazi wawo. Pamene ankacheuka, anapeza mayiwo atawerama, dzanja limodzi litagwira pakhosi, lina likufufuza m'chikwama mankhwala opopera m'kamwa. Milomo inali itayamba kuda.

Galimoto ya oyandikana nawo ndi imene inawathamangitsira kuchipatala. Anapulumuka, koma zinali pafupi. Atayamba kupezako bwino, a Nachisale anagwira dzanja la mwamuna wawo n'kulankhula pang'onopang'ono, akupumira pakati pa mawu.

"Mwayesetsa, bambo. Ndaona ndi maso anga. Koma nyumba ija yandikana. Ndikatuluka muno ndibwerera ku Dedza. Muzidzandiona."

Sanalankhule mokwiya ayi, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri a Gwedeza. Akanakalipa, bwenzi zili bwinoko.

M'mawa mwake bambowo anakhala pansi pabalaza, atatsamira khoma, mutu utaima. Makina aja anali pomwe anawasiya, paipi ili pansi. Sankamvetsa. Thumba linkadzaza, sofa inayera, nanga cholakwika chinali chiyani? Anatambasula dzanja n'kuwayatsa, osati kuti ayeretse, koma kungofuna kumva ngati kulira kwake kwasintha. Sikunasinthe. Koma masiku onse aja iwo ankaima kutsogolo, kogwirira paipi. Tsiku limenelo anakhala kumbuyo. Dzuwa linali litalowera pampata wa katani, ndipo m'kuwala kwakeko anaona kautsi kopyapyala kakutuluka pa timabowo ta kumbuyo kwa makina, kakukwera, kakufalikira m'chipinda chonse.

Anatulutsa mpango woyera m'thumba n'kuutchinga pa timabowoto. Atauchotsa unali wofiirira ngati katondo.

Apo anamvetsa. Fumbi lalikulu, looneka ndi maso, linkatsala m'thumba. Koma losalala lija, limene limalowa mpaka m'mapapo, makinawo ankalidzutsa m'sofa mmene linagona mwamtendere n'kulipemerera m'mwamba, m'nyumba yotseka mawindo, pomwe munthu wokhala pampando amapumira. A Gwedeza anazimitsa makinawo. Analira, bambo wamkulu, ali yekha m'nyumba.

Wina akanawanyamula n'kukawaponya mumtsinje wa Lingadzi. Wina akanathamangira ku Mchesi kukatukwana nkhalamba yosalakwa. A Gwedeza anawakulunga m'chiguduli chawo chomwe chija, n'kukwera nawo kabaza mpaka ku Biwi, kwa mmisiri amene anamusiya mawu ali m'kamwa. Anawaika patebulo. Mawu anavuta kutuluka, chifukwa ankatsutsana ndi moyo wawo wonse.

"Atseguleni."

Mmisiriyo sanakumbutse za tsiku lija. Anatenga chomasulira, ndipo pamene penti wa pa chomangira choyamba ankathetheka, a Gwedeza anayang'ana kumbali. Chivundikiro chitachoka, zonse zinaonekera. Labala wotseka m'mphepete anali atauma, akungoyoyoka m'zala ngati chigumu cha dzana. Sefa inali itabooka pakati, ndipo m'mbali mwake munali fumbi la nyumba za anthu amene anachoka m'dziko muno kalekale.

"Mota ndi yabwino, bambo," anatero mmisiri. "Imeneyi idzatiika m'manda tonse awiri. Zimene zinatha ndi zosunga fumbi. Zimatha mwakachetechete, kulira kwa makina osasintha."

Anatsuka m'kati monse, anadula labala watsopano, anaika sefa ina ndi thumba lina. Atamanga, anafuna kuika paipi pachikhatho cha a Gwedeza monga mwa chizolowezi. Iwo anakana. Anazungulira kumbuyo ndi mpango wina woyera, n'kuugwira pamenepo nthawi yaitali, mpaka mkono unatopa. Mpangowo unatuluka uli mbee.

Anayeretsanso nyumba yonse, mawindo ali otsegula, kenako n'kupita kuchipatala ndi mipango iwiri ija. Anaiyala pabedi la mkazi wawo, wofiira ndi woyera.

"Si nyumba imene inakukanani, a Nachisale. Ndinakudwalitsani ndine. Ndinayang'ana chimene makina amameza, osayang'ana chimene amatulutsa. Uwu ndi wa tsiku lija. Uwu ndi wa lero. Mukasankha Dedza sindikuletsani."

Mayiwo anayang'anitsitsa mipangoyo. Mng'ono wawo anali atafika kale kudzawatenga, ndipo maganizo ake sanawabise: munthu sabwerera kumene anatsala pang'ono kufera. Kunena zoona, mng'onoyo sankalakwa. Koma tsiku lotuluka, a Nachisale anauza woyendetsa galimoto kuti akhotere ku Kawale.

Anagona bwino. Kutacha, a Gwedeza anawapempha kuti akakhale panja pamthunzi, iwo ayeretse. Mayiwo anakhala pasofa pomwe paja, mankhwala ali m'manja.

"Yatsani ndili pompano. Ngati ndikhale m'nyumba muno, ndidziwe lero."

Bambowo anayatsa. Ankayendetsa paipi osaona kumene ikupita, maso ali pachifuwa cha mkazi wawo. Chinkakwera, chinkatsika. Chinkakwera, chinkatsika, mosavuta. Anazungulira balaza lonse, ndipo atazimitsa m'nyumba munangoti zii. Anatchera khutu. Kamluzu kaja kunalibe.

A Nachisale anabweza mankhwala m'chikwama, n'kuloza ndi chibwano.

"Pansi pa kabati mwadumphapo, bambo."

Ndipo anakhala, ku Dedza sanabwererenso.

Tsopano ndilankhule ndi inu, akulu anzanga, alangizi, ankhoswe, nonse amene mumalowa m'nyumba za anthu kukamva mavuto awo. Mphamvu muli nazo, sindikukana. Mwatumikira zaka zambiri, mwameza zambiri, ndipo palibe anakuonani mutagwa. Ena mumanyadira kuti chiyambireni simunakhalepo pansi kuti munthu akufunseni za m'kati mwanu. Zinsinsi zikuluzikulu mumasunga ndithu. Koma tating'ono tija, kamawu kotayira pamaliro, kayang'anidwe kamene mumamuyang'ana munthu amene anakuululirani zake, ukali umene mumafika nawo kwanu mukachoka koweruza za eni, timeneto timatulukira kumbuyo, kumene inu simuona. Amene amapuma timeneto ndi wofooka amene wakhala pafupi nanu, ndipo kawirikawiri ndi amene mumamukonda.

Simuli otayika. Mota ikadali yabwino. Pezani munthu wokhulupirika, mukhale pansi, mumulole akutseguleni. Ndipo musanapite, funsani wa kunyumba kwanu kuti akupuma bwanji.