Kompyuta Yofunda Chitenje

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake a Yotamu. Ndikati kale ndikunena kale ndithu, nthawi imene kompyuta inali chinthu chonyamula anthu awiri, osati tinthu tanu iti mumatisisita ndi chala tsiku lonse. Taikani kaye m'matumba, ana inu, makutu akhale kuno.

A Yotamu anali agogo anga, bambo awo a mayi anga. Kuno anabwera pa chikamwini, atakwatira a Elube, mwana wa a Nachisale. Munthu anali ndi mutu ameneyo! M'dera lonse lino, woyamba kupita ku yunivesite kukaphunzira za makompyuta anali iwowo. Koma mukudziwa mmene ankaphunzirira? Ophunzira makumi asanu ndi limodzi, makompyuta anayi. Anayi basi, otsekeredwa m'chipinda chozizira, ndipo polowamo munthu ankavula nsapato. Kuikhudza kunali kamodzi pa mwezi. Zotsala zonse ankalemba papepala ndi pensulo, aphunzitsi n'kuchonga papepala pomwepo. Nanga kutsegula m'mimba mwake? Ayi, ankati imeneyo ndi ntchito ya amisiri, munthu wa digiri sagwira sikuludalaiva. A Yotamu anakhoza kuposa anzawo onse, ali ndi kompyuta yathunthu m'mutu koma asanamasuleko bawuti ndi imodzi yomwe.

Atabwera kuno anawalemba ntchito ku ofesi ya sikimu yathu ya mpunga, ija ili kumunsi kwa mtsinje. Masiku amenewo sikimu inali italandira kompyuta imodzi, ndipo anthu ankachoka kutali kudzangoisuzumira pazenera. M'sikimumo munali mabanja mazana atatu, banja lililonse ndi munda wake, munda uliwonse ndi nambala yake ndi muyeso wake. Zonsezi zinali m'mabuku akuluakulu anayi. A Yotamu anakhala miyezi itatu akugogoda, dzina ndi dzina, munda ndi munda, mpaka zonse zinalowa m'makina.

Apa ndi pamene anayamba kukula mwendo, chinthu chimene akuluakulu amaletsa mkamwini. Anaimirira pamsonkhano nati, “Mabuku awa ntchito yawo yatha. Chiswe chimadya pepala, koma kompyuta siiwala.”

Anthu anaomba m'manja. Ndiye mabuku aja anagawana. Azimayi anakulungira mandasi, madoda anapichirira fodya. Mayina a minda yathu anapita ndi utsi, ife tikuomba m'manja. Kodi kupusa kumakhala ndi mwini mmodzi? Tinapusa mudzi wonse.

Tsono mverani za chitenje. A Yotamu anali atawerenga m'buku kuti mdani wamkulu wa kompyuta ndi fumbi. Ndipo fumbi linalipodi, poti chigayo cha mpunga chinali khoma ndi khoma ndi ofesi, mankhusu akuuluka tsiku lonse. Kwathu kunonso mukudziwa, chinthu cholemekezeka sichikhala pamtunda. Wailesi imafunda nsalu, chakudya cha mlendo chimafunda nsalu. Choncho anapempha chitenje chatsopano cha akazi awo, nakulunga bokosi lonse la kompyuta, n'kupisira bwinobwino pansi ndi kumbuyo, kusiya kachibowo ka batani kokha. Ikagona yofunda, ikamagwira ntchito yofundabe. Zaka ziwiri zathunthu, ndipo aliyense wolowa ankatama ukhondo wa mkamwini wa a Nachisale.

Chaka chachitatu mvula inabwera yaukali. Mtsinje unasefukira, unadutsa m'sikimu monse, ndipo madzi ataphwa panalibe mzere ndi umodzi womwe wa malire. Sikimu yonse inali bwalo limodzi la matope. Akuluakulu a sikimu ochokera ku tauni anafika mlatho usanagwe, nakhala konkuno, ndipo anauza a Yotamu kuti, “Lachisanu tiyamba kuyeza, mbande zisanakalambe. Mutipatse mndandanda, aliyense abwerere pake. Ngati mndandanda palibe, tichita maere.”

Maere! Mukuwadziwa maere inu? Munthu amene wasalaza munda wake zaka makumi awiri akhoza kutola kapepala ka kumchenga komwe madzi safika. A Nachisale anali ndi munda wa nambala seveni, kumutu kwa ngalande. Malemu amuna awo anausalaza ndi khasu, kututa dothi ndi dengu zaka zitatu, ndipo ndi munda umenewo anaphunzitsira ana.

A Yotamu anangomwetulira. Lolemba m'mawa anadina batani. Kompyuta inayaka, mayina anayamba kuoneka, kenaka inangouma gwa, galasi n'kuda bii. Anadinanso. Inayaka pang'ono, n'kufanso. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo nthawi iliyonse inkafa msanga kuposa poyamba. Ndiye munthu wophunzira anachita chimene anaphunzira. Anatenga pensulo ndi mapepala, nalemba zifukwa zonse zimene kompyuta ingafere, masamba khumi ndi awiri, m'Chingerezi chosalala. Makina ali pambali pawo, iwo akuyang'ana pepala. Anatumiza uthenga kwa mmisiri wa ku tauni, koma mlatho unali utapita ndi madzi, ndipo yankho linali lakuti mwina patatha masabata awiri.

Nkhani siigona. Pofika Lachitatu mudzi wonse unali utadziwa. Amene ankaomba m'manja aja ndi amene anayamba kuyang'ana kumbali akakumana nawo panjira. Masana a tsiku limenelo a Elube anawaikira chakudya, nakhala pansi, nati, “Bambo a mwana, amalume abwera m'mawa. Akuti munda wa amayi ukapita, inunso muyambe kumanga katundu.”

A Yotamu anasamba m'manja osadya. Anali ndi mantha, mantha enieni, ndipo manyazi anali oposa manthawo.

Tsopano ndikuuzeni za a Nachisale. Sukulu sanapiteko. Koma anali telala zaka makumi atatu, ndipo makina awo osokera ankawamasula okha chaka ndi chaka akatha kukolola, chitsulo ndi chitsulo pamphasa, kupukuta, kudontheza mafuta, n'kubwezeretsa. Vuto linali limodzi. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayandikana. Sankakhala m'chipinda chimodzi, sankayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Inu a masiku ano mumajambulitsa ndi apongozi anu mutakolekana manja, ndiye mungamve bwanji?

Lachinayi m'mawa a Nachisale anafika ku ofesi ndi kachikwama kawo ka nsalu. Sanalowe. Anayala mphasa panja pansi pa zenera, nakhala chofulatira, nkhope kuloza kumunda. A Elube anaima pakhomo kuti azipititsa mawu.

“Elube, afunse apongozi anga, chinthucho chikamafa chimalira bwanji?”

A Elube anabwereza funso. A Yotamu anayankha kuti kompyuta siilira, ndipo anayamba kuwerenga masamba awo aja. A Nachisale anawalola kufika tsamba lachiwiri.

“Elube, auze apongozi anga kuti Chingerezicho chamveka, n'chokoma. Tsopano ayatse, aike dzanja pamsana pake, andiuze chimene dzanja likunena.”

A Yotamu anayatsa, napisa dzanja pansi pa chitenje. Analichotsa msanga. “Ikutentha! Ikutentha ngati simbi!”

“Ikutentha, ndiye mwaifunditsa? Elube, mwana akatentha thupi umamuwonjezera bulangete? Auze avule nsaluyo. Nanga chimapumira pati chinthucho?”

Apa buku linadzuka m'mutu mwa a Yotamu. Fani! Kumbuyo kwa bokosi kumakhala kafani kotulutsa mpweya wotentha. Anali atakajambula pamayeso, n'kukhoza bwino, koma anali asanakaonepo ndi maso. Anatembenuza bokosi. Timabowo take tinali titatsekeka ndi fumbi, ndipo kafaniko kanali zii, osazungulira.

“Elube, tenga ichi uwapatse.”

Inali sikuludalaiva ya makina osokera, chigwiriro chake chosalala ndi ukalamba. A Yotamu anaiyang'ana ili m'dzanja lawo. Kenaka anapita pafupi ndi zenera, nagwada, nalankhula chapansipansi, “Elube, uwapemphe amayi alowe adzatsegule okha. Ine ndituluka, ndikaima kuseri kwa chigayo.”

A Nachisale anaseka, kuseka kwenikweni. “Ine ndilowe, inu mutuluke. Ndikatsegula ndikapeza zinthu zimene sindikuzidziwa mayina, ndifunsa ndani? Mutu uli ndi inu. Manjanso muli nawo awiri, ndinawaona pa chinkhoswe. Tsegulani.”

Mwaona mmene mwambo unawagwirira? Akanakhala munthu wina aliyense, akanalowa n'kuwagwirira ntchito, iwo ataima pambali ndi tayi. Koma apongozi sangalowe. Panalibe kothawira.

Anazula chingwe cha magetsi, poti zimenezo buku linawauza. Thukuta lili kamukamu, anayamba kumasula. Bawuti yoyamba anaipotokolera kolakwika, ikumangika m'malo momasuka.

“Kumanzere, apongozi, kumanzere!” anafuula a Nachisale, ataiwala zodutsira kwa Elube. “Ndipo muziika mabawutiwo m'mbale, angakuthaweni.”

Chivundikiro chitachoka, a Yotamu anangoti kukamwa yasa. M'katimo munali fumbi ndi mankhusu a mpunga zogwirana ngati thonje, ndipo ulusi wa chitenje cha a Elube unali utakulunga kafani kaja kuzungulira. Koma pansi pa fumbilo anaona zonse zimene anaphunzira zaka zinayi, chilichonse pamalo pake. Anayamba kuzitchula mayina mokweza, chimodzichimodzi, ngati munthu wokumana ndi abale amene ankangowamva m'makalata.

“Mayinawo muwapatsa moni mawa,” anatero a Nachisale. “Elube, kazule nthenga ya nkhuku.”

Anasesa ndi nthenga, anauzira ndi pakamwa, anatola ulusi ndi singano. Nkhope yonse mbuu. Kenaka a Nachisale anati, “Tsopano tsukani ndi palafini, monga ndimachitira makina anga.”

Apa a Yotamu anakana, mwaulemu koma molimba. “Pepani amayi, palafini ayi. Muno muli kabokosi kena kosunga mayina onse. Tikathiramo zamadzimadzi, minda yapita.”

A Nachisale anati, “Chabwino. Zimenezo mukudziwa ndinu. Nanga kozungulirako, kalole dontho limodzi la mafuta?”

“Dontho limodzi, pakati penipeni, kakhoza kulola.”

Anadontheza. Anakankha ndi chala, kafani kanazungulira. Anabwezera chingwe, bokosi lili lotsegula, nadina batani. Panamveka kamphepo, fuuu. Anthu anali atadzaza kale pabwalo, koma simukanamva ngakhale wotsokomola. Mphindi zisanu, ikuyakabe. Mphindi khumi, ikuyakabe. A Yotamu anadina kuti isindikize, ndipo makina osindikizira, amene anali pambali pake, anayamba kukukuta mano, pepala likutuluka, dzina ndi dzina, munda ndi munda.

“Elube, awerenge nambala seveni,” anatero a Nachisale, mawu ali pansi.

A Yotamu anawerenga okha. “Nambala seveni, a Nachisale, kumutu kwa ngalande.”

A Nachisale sanatembenuke. Anangokoka mpango, nabisa nkhope, mapewa akugwedezeka. Nthungululu zinayambira pakhomo mpaka kuchigayo. A Yotamu anakhala pansi pasimenti pomwepo, tayi ili pamsana, akuseka ndi misozi yomwe. Mtima unakhala m'malo, ana inu, wa iwo ndi wa mudzi wonse. Anasindikiza mindandanda itatu, wina ku ofesi, wina ku tchalitchi, wina m'sutikesi ya a Nachisale. Lachisanu zingwe zoyezera zinayenda, ndipo banja lililonse linabwerera pake.

Patapita zaka, a Yotamu anakhala mphunzitsi ku koleji. Tsiku loyamba la kalasi, wophunzira aliyense ankapeza kompyuta yakufa patebulo lake. Aphunzitsi anzawo ankanyinyirika kuti akusandutsa yunivesite kukhala galaja. Iwo ankayankha kuti, “Buku linandiuza zoti ndisachite, ndipo linapulumutsa minda mazana atatu ku palafini. Koma buku lomwelo linandisiya masiku atatu ndili pafupi ndi makina otentha, osaganiza zoikapo dzanja. Ndani wa inu angatumize mwana kudziko ali wotero?”

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno sitinyoza sukulu, ndipo sitinyoza mmisiri. Mwana akabwera ndi digiri timavina, timapha mbuzi. Koma m'mawa mwake timamupatsa chinthu chakufa cha m'nyumba, timakhala pansi, n'kumayang'ana manja ake. Mukapita ku masukulu anuwo, aphunzitsi akakupatsani buku, werengani mpaka lithe. Akapanda kukupatsani choti mugwire, kafunseni, ndipo musachoke pakhomo pawo. Mukuganiza kuti ndi nthano chabe? Mpunga umene mwadya masana ano wachokera ku nambala seveni.