Nyani Amene Anakana Gaga

Nthano iyi ndinaimva kwa mayi Nasibeko, mnzanga wachikulire wa ku Mvano, tili pamzere kuchigayo. Mulungu awasunge. Ndiinena monga anainenera iwo.

Kalekale, nyama zikadalankhula, Nyani anakagwira ntchito kutauni. Anabwerako ndi jekete ndi matama.

"Ine zakudya za nkhumba ndinasiya," ankatero.

Chimanga ankakonola, kuviika, kusefa kawiri, mpaka ufa mbee! Nyemba ankazichotsa makoko. Masamba ankati ndi udzu. Gaga yense ankaponyera mnansi wake Nkhumba kuseri kwa mpanda.

Ndiye Nyani anapeza mbeta, chinkhoswe nkuikidwa Loweruka. Koma Nyani anadzimbidwa. Anapita kuthengo, anabwerako chimodzimodzi. Anapitanso, chimodzimodzi. Mimba inauma gwa ngati ng'oma, moti kugwada kunakanika. Tsono mkamwini wosagwadira apongozi, ndani angamupatse mwana wake?

Anapita kwa Khwangwala, sing'anga.

"Akulodzani, bwana. Jeketeyi anthu ikuwawawa."

Anamutema mphini. Palibe chinachitika.

Anapita kwa Birimankhwe, sing'anga wina.

"Gonani chagada ndikupondeni pamimba."

Birimankhwe anayamba pachifuwa m'mawa. Pofika pamchombo, dzuwa linali litapendeka. Palibe chinachitika.

Lachinayi Nkhumba anamva kubuula, nasuzumira pampanda.

"Kodi akubereka ndani kumeneko?"

"Musaseke, achimwene, ndikufa ine!"

"Simukufa. Tsache losesera m'mimba mwanu mumandiponyera ine tsiku ndi tsiku. Mumati musesa ndi chiyani?"

Nkhumba anaphika phala la mgaiwa, nyemba za makoko ake ndi bonongwe, naika pambali chikho chodzaza madzi.

"Tsekani chitseko, wina angandione," anatero Nyani.

"Idyani, bwana wa kutauni. Madziwo mumalize."

Anadya Lachinayi. Anadya Lachisanu. Kuli zii.

Loweruka anafika kwa apongozi, anthu atakhala kale pamphasa. Nyani anayamba kupinda bondo, thukuta lili kamukamu. Pomwepo m'mimba munagunda ngati mvula yoyamba.

"Apongozi, pepani, ndikubwera!"

Liwiro lake, jekete inatsala pamtengo wa minga.

"Mayo, mkamwini wathawa!" analira azakhali a mkazi. Ankhoswe anayang'ana pansi. Mbeta inayamba kusisima.

Patapita kanthawi, Nyani uyo, akubwera mopepuka ngati nthenga. Anagwadira apongozi aamuna. Anagwadira apongozi aakazi. Chifukwa cha kukondwa, anagwadiranso ndi mtondo womwe unali pabwalo.

"Ulemu wotere sitinauonepo," anatero apongozi. "Mwana wathu tengani."

Apa mayi Nasibeko anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenaka anati: "Mwana wanga, Mulungu sanalakwitse poveka chimanga gaga ndi nyemba makoko. Chakudya choyera chimakoma pakamwa, koma chokhakhala ndicho chimasamala m'mimba. Nthano yathera pompa. Kaphule mbatata yako pamoto, koma udye ndi khungu lomwe."