Kalipentala Amene Anasanduka Mboni

Panali munthu wina, kalipentala wa pamsika, amene ankagwira ntchito ndi mwana wake wamwamuna. Mwanayo anali wamkulu kale, wandevu zake. Pocheka thabwa lalitali, bambo ankagwira sowo, mwana n'kugwira mbali inayo kuti thabwalo lisagwedere. Koma mwanayo analowerera ndi kachasu. Tsiku lina bambo ali kumaliro, iye anathyola loko wa shopu, n'kutenga randa, sowo ndi matchizulo, n'kukagulitsa pamtengo wozizira.

Kalipentalayo anapsa mtima koopsa. Akanatha kuitana malume ake a mwanayo kuti akhale pansi, monga timachitira. Koma iye anati mumtima mwake: "Ameneyu pakamwa sakumvanso. Akagone kaye m'chitokosi, nsikidzi zimulume, nzeru zibwerera." Anapita kupolisi kukamang'ala. Apolisi anamugwira mwanayo, ndipo zipangizo anazipeza kwa amene anagula.

Mkwiyo utazizira, chifundo chinamugwira kalipentala uja. Anavala jekete lake la kutchalitchi n'kubwerera kupolisi.

"Bwana, ndabwera kudzatseka mlandu wanga uja. Mwanayo waphunzirapo."

Wapolisi anamuyankha kuti: "Mlandu wanu uti, bambo? Inu munabweretsa dandaulo, ndipo dandaulolo ndiye linali lanu. Mukanakhala kuti mukulimbirana malire a munda ndi mnzanu, umenewo ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, wosuma akafuna amausiya. Koma kuthyola ndi kuba ndi mlandu wa upandu. Mwini wake ndi boma, ndipo wapita kale kukhoti."

Kalipentala anamva mawuwo koma sanamulowe. Iye anangoti n'chiyankhulo cha m'maofesi basi. Zipangizo zake, shopu yake, mwana wobala yekha, boma lalowapo pati? Anadzilimbitsa mtima kuti akakaima pamaso pa woweruza, akayankhula ngati kholo.

Tsiku la mlandu, kalaliki wa khoti anaitana boma mbali imodzi, mwana uja mbali inayo. Dzina la kalipentala silinamveke. Mwanayo analowa atawonda, milomo itachita mbuu. Munalibe womutcha mwana wa uje m'menemo, onse ankangoti woimbidwa mlandu. Kenaka anaitana mboni yoyamba ya boma. Kalipentala anatembenuka kuti aone munthu woipa mtima amene wabwera kudzamiza mwana wake. Wapolisi anamukodola iye.

Anamugwiritsa Baibulo, nalumbira. Woimira boma ananyamula randa m'mwamba.

"Bambo, iyi mukuidziwa?"

"Ndi yanga."

"Woimbidwa mlanduyu munamuloleza kuthyola loko ndi kutenga zinthuzi?"

Kalipentala anayang'ana mwana wake, mwananso anamuyang'ana. Anaona kuti bodza limodzi likhoza kumutulutsa. Koma dzanja lake linali litangochoka pa Baibulo, ndipo iye sanali munthu wonama.

"Ayi," anatero. Kenaka anawonjezera: "Koma ndinamukhululukira, bwana. Ndi mwana wanga. Ndimangofuna kumuopseza."

Woweruza sanakalipe. "Ndamva, bambo, ndipo ndalemba. Zimenezo zichepetsako chilango. Koma inu muno ndinu mboni. Mboni imanena zimene ikudziwa, sigamula. Mukhoza kukakhala pansi."

Chigamulo chinatuluka, mwanayo anapita kukaseweza zaka kundende. Zipangizo zija, zimene khoti linkazitcha umboni, anazibwezera kwa mwini wake zonse, ngakhale tchizulo chimodzi sichinasowe. Kalipentala anazinyamula m'thumba mpaka kushopu. Mawa lake anaika thabwa lalitali pabenchi, n'kuyamba kucheka. Thabwalo linagwedera, sowo inakakamira pakati. Anatsegula pakamwa kuti aitane wogwira mbali inayo, ndipo anakumbukira. Anakhala pansi pautuchi n'kulira ngati mwana.

Tsono inu amene mwakhala panonu, nkhaniyi imandiwawa chifukwa bamboyo sanali woipa, ndipo khotilo silinalakwe. Iye sankadziwa kuti dandaulo ndi mlandu n'zosiyana, ndiponso kuti wodandaula akhoza kusanduka mboni chabe. Sindikuti muzibisa zoipa, ayi. Wopha, wogwirira, womenya mkazi, ameneyo kamuneneni lero lomwe, ndipo n'chifukwa chake boma limatenga milandu yotere kuti wina asaikwirire m'nyumba. Koma kupolisi si koopsezera ana. Musanapiteko ndi mtima wamoto, funsani wodziwa kuti nkhani yanuyo ikakafika kumeneko ikatchedwa chiyani, ndipo inuyo mukatchedwa ndani. Pakuti mukhoza kulowa muli bambo, n'kukatuluka muli mboni ya boma, mutanyamula randa yanu m'thumba.