Ndevu za Batani ndi Kafunso ka Pafoni

Mu saluni muja munali mipando itatu, galasi long'aluka pakona, ndi foni yokonda kulira nthawi imene manja ali noninoni ndi mafuta a tsitsi. N'chifukwa chake Batani, mnyamata wodziphunzitsa yekha zamawebusaiti, anapangira mwini saluniyo, mlamu wake, mkazi wa mkulu wake, tsamba la pa intaneti loti makasitomala azisungitsirapo malo. Tsambalo linali labwino, la mtundu uja woti munthu akafuna amaliika pa sikirini ya foni yake n'kumalitsegula ndi chala chimodzi.

Nkhani inavuta pa mawu oti "akafuna". Kachizindikiro ka tsambalo, kachipeso kofiira, anakajambula yekha, ndipo ankakanyadira ngati ndevu zake, zimene ankazisamala kuposa mmene mkwatibwi amasamalira chovala chake. Ndiye anakonza zoti munthu akangotsegula tsamba, asanaone n'komwe mitengo ya zoluka, chikwangwani chizitchinga sikirini yonse: "Ikani pa foni yanu!" Podina "Inde" panali ngati chitseko, podina "Ayi" ngati nsabwe. Ukakana, patsamba lotsatira chatulukiranso.

Mlamu wake anamuchenjeza kuti mlendo safunsidwa zogona asanakhale pansi. Iye anayankha kuti aliyense aziona za ntchito yake, a tsitsi za tsitsi, a mafoni za mafoni.

Pasanapite nthawi mipando inayamba kuzizira. Mayi a kufamase, amene sankalola dzanja lachilendo pamutu pawo, anaoneka akutuluka mu saluni ya kutsidya kwa msewu, mutu uli wolukidwa bwinobwino. Atafunsidwa anati iwo amafuna woluka tsitsi, osati wofunsira mbeta. Mlamu wake anauza Batani kuti tsambalo litsekedwe, abwerere ku foni yamafuta ija. Batani anatulutsa laputopu n'kuonetsa kuchuluka kwa anthu amene anadina "Inde". Anthu avomera okha, iye walakwanji?

Mlamu wakeyo sanatsutse. Anangoti mutu woganiza chonchi suyenera kuyenda wanyankhalala, akhale pampando amumete ulere. Ndani amakana zaulere? Anamukulunga nsalu m'khosi, makina n'kuyamba kulira. Atameta kamzera kamodzi anazimitsa, n'kuima pakati pa iye ndi galasi.

"Alamu, ndimete ndi ndevu zomwe?"

"Ayi, mutu wokha."

Kamzera kena, makina zii. "Nanga ndevuzi, alamu?"

Anakana. Anakananso. Mutu unali utametedwa mbali imodzi, moti kuthawa kunali kosatheka, ndipo azimayi awiri okhala pa benchi anali atabisa nkhope m'magazini, mapewa akugwedezeka. Funso linkabwera akati ayankhule, linkabwera akati ayetsemule. Pomaliza mnyamata anapsa mtima.

"Chabwino, chitani zimene mukufunazo, bola mundisiye!"

Makina anadutsa kamodzi kokha, chibwano chili mbee ngati dzira. Batani anadzuka ndi nsalu yomwe. Mlamu wake anapukuta makina mosapupuluma, n'kutembenukira kwa azimayi aja kuti akhale mboni: kodi munthuyu sanavomere yekha?

Batani sanatuluke m'nyumba mpaka chibwano chitayambanso kuda. Ali m'nyumbamo anachotsa chikwangwani chija. Anasiya kabatani kakang'ono, kooneka munthu akamaliza kusungitsa malo, ndipo wokana sankafunsidwanso. Mlamu wake analola kuti tsamba likhale, koma anati aliyang'anitsitsa.

Amene anatsegula njira ndi mayi a kufamase omwe aja. Zoluka za kutsidya zinamasuka ukwati wa mwana wawo utayandikira, ndipo anayenera kubwerera kwa mlamu wa Batani n'kusungitsa malo awo, a mkwatibwi, kenako a operekeza, aliyense tsiku lake. Kulemba adiresi ya tsamba ulendo uliwonse, magalasi ali pamphuno, kunawatopetsa. Analowa mu saluni foni ili m'manja, n'kupeza Batani atakhala pakona.

"Iwe wopanda ndevu, kachipeso kako kaja kali pati? Ndikukafuna pa foni pano, pafupi ndi kawotchi."

Batani anangowalozera kabatani kaja, iwo n'kudina okha. Mlamu wake anamuyang'ana pagalasi long'aluka lija, chipeso chili kukamwa, n'kukweza nsidze. Zoonadi, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.