Nyali za Galimoto ya Apongozi

Kalipentala wina anali ndi manja abwino, palibe angatsutse. Vuto lake linali limodzi: chilichonse ankachiona ngati thabwa.

Loweruka lina apongozi ake aamuna anaimika galimoto pakhomo pake, n'kudandaula kuti magalasi apulasitiki a nyali zakutsogolo achita chikasu ngati mano a munthu wosuta fodya, chonsecho Lolemba galimotoyo ikukapimidwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Anati masana kubwera kudzakonza nyalizo mwana wawo, mlamu wa kalipentalayo, amene ntchito yake n'kupopera penti magalimoto.

Mawuwo anamubaya. Zaka zonsezi apongozi ankamutama kuti ndiye mkamwini waluso, lero ulemu upite kwa wina? Iwo atangolowa m'nyumba kukacheza ndi zidzukulu, kalipentalayo anatenga sandipepa wokhakhala amene amapalira zitseko. Mkazi wake anamupempha kuti ayambe waimba foni kwa mlamuyo, koma iye anati kupala n'kupala basi.

Anapala nyali yakumanzere pouma, mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Chikasu chinachokadi, koma galasi linayera ngati diso lang'ala. Atasowa mtengo wogwira, anapakapo vanishi wa matabwa kuti abise zokalikazo. Vanishiyo anayenderera, fumbi n'kumatirira.

Mlamu atafika anayang'anitsitsa nyali zonse ziwiri. Kenaka anatenga sandipepa wosalala, namanyowetsa ndi madzi, n'kumasisita nyali yakumanja pang'onopang'ono, uku akusintha sandipepayo kufikira wosalalitsitsa. Anaipukuta, n'kupoperapo mankhwala oiteteza kudzuwa, ndipo inawala ngati yatsopano. Atabwerera ku yakumanzere ija anangopukusa mutu. Inali itakalika mpaka m'kati, yofunika kugula ina.

"Alamu, mukanangondiimbira. Zinali za mphindi ziwiri izi."

Kalipentala anazyolika, manyazi atamugwira. Akanakonda apongozi akanamukalipira, koma iwo anangokhudza galasi lomatamatalo ndi chala, n'kupukutira pampango.

"Musadandaule bambo," anatero mofatsa. "Zitseko ndiye mumazitha."

Galimoto inatuluka pageti ndi diso limodzi, ndipo Lolembalo sinapite kokapimidwa. Kuyambira tsiku limenelo, kanthu kakaonongeka kwa apongozi, ngakhale mwendo wa mpando, foni imene imalira ndi ya mlamu uja. Kalipentala amangomva kwa mkazi wake zinthu zitakonzedwa kale. Safunsa anadya phula.